Mukufuna kufufuza za intersectionality kuno ku Harare? Yambirani pa chitupa cha agogo

Sabata yatha mtsikana wina wa ku Tafara amene akupanga masters ananditumizira voice note yaitali pa WhatsApp, akuti asisi ine ndathedwa nzeru, supervisor wanga akungoti ikamo intersectionality, ikamo intersectionality, koma sakundiuza kuti ndiike pati. Ndinaseka kaye chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo. Nde ndati m'malo momuyankha yekha ndingolemba pano, ena amene muli m'ma NGO kapena ku yunivesite mutolepo zanu.

Mawuwa anawabweretsa ndi Kimberlé Crenshaw, loya wa ku America, mu 1989. Anatengera pa mlandu wa 1976 umene azimayi 5 achikuda anasumira General Motors atachotsedwa ntchito. Khoti linati pa nkhani yosala akazi palibe mlandu poti kampaniyo inkalemba akazi, koma akazi akewo anali azungu. Pa nkhani ya khungu linawauza kuti akalowe mu mlandu wina wa anthu akuda. Zoti munthu angasalidwe chifukwa ndi mkazi wachikuda, zonse ziwiri pakamodzi, khoti linakana kuzimva. Mfundo yake ndi imeneyo basi. Ufa ndi madzi zikapsa nkukhala nsima simungazilekanitsenso kuti apa ndi ufa apa ndi madzi. Nde inu ntchito yanu sikuwerenga kuti mayi uyu ali ndi mavuto angati, koma kuona kuti akaphatikizana akubala chani chimene lamulo kapena pulojekiti sikuchiona.

Choyamba, sankhani khomo limodzi

Mutu woti "mavuto a azimayi mu Zimbabwe" utayeni lero lomwe. Azimayi ake ati? Wa ku Borrowdale ndi wa ku Hopley onse ndi azimayi, koma akadwalitsa mwana usiku sagona tulo tofanana. Sankhani malo amodzi pamene munthu amapita kukafuna chinthu nkubwezedwa: kutenga birth certificate, kulembetsa mwana mayeso a Grade 7, kupeza tebulo pa msika wa Mbare, kulowa pa mndandanda wa BEAM (thandizo la boma la fizi ya ana osauka), kukanena za nkhanza zapabanja, kugawa chuma cha masiye. Khomo limodzi. Kenako funso lanu likhale loti ndani akulowa, ndani akutsala panja, ndipo chikumutsekereza nchani.

Ine ndinasankha la mapepala, chifukwa ndi limene linativuta kwathu. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, amayi anabadwira konkuno, Malawi sanamuonepo ndi maso, koma chitupa chawo chinali cholembedwa ALIEN.

Chachiwiri, funsani funso linalo

Mari Matsuda, mphunzitsi wina wa zamalamulo, anapereka kanjira kosavuta kamene ndimakakonda kuposa mabuku onse a theory. Mukaona chinthu chooneka ngati nkhani ya mtundu, funsani kuti nanga nkhani ya amuna ndi akazi ili pati apa. Mukaona chooneka ngati nkhani ya akazi, funsani kuti nanga ndalama zili pati, nanga ulumali, nanga msinkhu. Tengani pepala mulembe khomo lanu pakati, muzifunsa choncho mpaka mafunso atha.

Tiyese ndi birth certificate yomweyo. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 atabadwa. Poyamba imaoneka nkhani ya aliyense. Koma amene amayenda ndi mwana kumbuyo kukaima pa mzere ndani? Mayi. Akafika amufunsa chitupa chake. Ngati iyeyo alibe chifukwa makolo ake anali a m'pulazi ndipo sanalembetsedwe, mwana nayenso watsala. Ngati bambo a mwanayo anapita ku Joni osabweranso, kapena akukana mimba, zavutiratu. Ngati anaberekera kunyumba chifukwa cha tchalitchi chimene sichilola chipatala kapena chifukwa ndalama panalibe, ndiye kuti pepala la kuchipatala alibe, afunika mboni. Mboni zifuna ya kombi. Iyeyo ndi wogulitsa tomato, tsiku limene waima pa mzere ndi tsiku limene ana agona ndi njala. Mwaona? Tinayamba ndi pepala limodzi, tafika pa ukazi, mtundu, umphawi, chipembedzo ndi ntchito, ndipo chilichonse chikukoka chinzake.

Koma osatenga zonse. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zikuluma kwambiri pa khomo lanulo, zinazo muzingozitchula zikatulukira. Ndaonapo ma proposal olemba magulu 9 mu chiganizo chimodzi, mkati mwake osapezamo munthu ngakhale mmodzi.

Chachitatu, dziwani mbiri ndi malamulo musanapite kwa anthu

Apa ndi pamene ambiri timachita ulesi, nde ndikhalitsapo pang'ono. Makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi ndi m'nyumba za azungu, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena wapansi, ambiri nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo. Anakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Epworth, ndi m'makomboni a m'mapulazi. Mu 2000 minda itayamba kulandidwa, ogwira ntchito m'mapulazi ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo pogawa malowo ambiri a iwo sanaganiziridwe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anauzidwa kuti akakane unzika winawo, apo ayi wa kuno watha. Anthu ankauzidwa kukana Malawi amene sanamupondepo. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, ripoti ya UN imene analemba Anna Tibaijuka inati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, ntchito kapena zonse ziwiri, ndipo anthu ankauzidwa kuti bwererani kumusha. Nanga mabhurandaya, monga amatitchulira, kumusha kwake nkuti?

Constitution ya 2013 inakonza zina. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe isanatuluke constitution imeneyi, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala konkuno, ndi nzika yobadwa. Gawo 56 limaletsa tsankho, gawo 80 ndi la ufulu wa azimayi, ndipo gawo 6 linaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pa pepala zili bwino zedi. Koma kuti usinthe chitupa uyenera kuonetsa kuti unabadwira kuno, ndipo umboni wake ndi pepala lomwe lija ulibe. Zimbabwe Human Rights Commission inachita kafukufuku wa dziko lonse pa nkhani ya mapepalayi, ripoti inatuluka mu 2020, Amnesty International nayo inatulutsa yake mu 2021. Ziwerengeni zonse ziwiri muli ndi pensulo m'manja, muzilemba m'mbali paliponse pamene akuti "anthu" koma nkhani yake ndi ya mayi.

Pali chinanso chimene mabuku a kunja sangakuuzeni. Ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Anzathu Achishona mwana ndi wa kuchimuna, mutupo amatengera kwa bambo, ndipo pali roora. Mtsikana wa kwathu akakwatiwa kumeneko banja nkutha, kapena mwamuna nkumwalira, kuchimuna akuti ana ndi athu iwe pita kwanu, kwawo kumene mwambo ukanamuteteza kulibe munda kulibe mudzi, malume ali pa lendi ku Epworth. Wagwa pakati pa miyambo iwiri. Izi simungazione mukangofunsa kuti ndinu mkazi kapena mwamuna. Werenganinso mlandu wa Magaya wa 1999, pamene Supreme Court inagamula kuti Venia Magaya, mwana woyamba, sangalowe chuma cha bambo ake pansi pa mwambo chifukwa ndi mkazi, nyumba ya ku Mabvuku nkupita kwa mchimwene wake wa mayi wina. Bambo ake akanakhala a ukwati wa ku khoti nkusiya will, Venia sakanadutsa njira imeneyo. Ukazi unakumana ndi mtundu wa ukwati ndi mtundu wa lamulo.

Ngati mungathe pitani ku library ya SEARCWL, malo ophunzirira malamulo okhudza azimayi pa University of Zimbabwe, ndipo muwerengenso zolemba za WLSA (Women and Law in Southern Africa). Iwowa anayamba kalekale kufufuza malamulo poyambira pa moyo wa mayi weniweni osati pa buku la lamulo.

Chachinayi, chilolezo

Komiti ya ethics ya sukulu yanu, ndipo ngati nkhani ikukhudza zaumoyo, MRCZ (Medical Research Council of Zimbabwe). Kalata ya kukhonsolo kapena kwa khansala wa dera muyende nayo m'chikwama. Yambani msanga, zimatenga nthawi.

Chachisanu, mupeze anthu amene sabwera ku misonkhano

Ulendo wanga woyamba ndinalakwitsa zinthu ziwiri tsiku limodzi. Ndinapempha a chairman a mpingo wina kuti andisonkhanitsire azimayi. Anabwera 12, ovala bwino, onse a chigwirizano, onse ali ndi zitupa, onse a pabanja. A chairman anakhala pa mpando pakhomo kuti athandize. Funso lililonse yankho linali loti zonse zili bwino, tikuthokoza. Ndinabwerera kunyumba ndi recording ya ola lathunthu yopanda kanthu.

Amene mukuwafuna sabwera ku misonkhano yotero. Wantchito ya m'nyumba ali ku Greendale mpaka Loweruka madzulo. Wa pa wheelchair njira ya ku holo ndi matope okhaokha. Wosamva palibe womumasulira. Mtsikana amene anatenga mimba ali Form 2 akuchita manyazi. Wopanda chitupa akuopa kuti mwina ndinu a boma. Nde lowerani makomo angapo osiyana: mpingo inde, komanso mzikiti chifukwa achimwene athu Achiyao ali kumeneko, ma burial society, pa chitsime kapena pa borehole m'mawa, anamkungwi, magulu a anthu olumala, azimayi a round. Mukamaliza kucheza ndi munthu mufunseni kuti ndani amene mukumudziwa amene zake zinavuta kuposa zanu, ndipo ndani amene zake zinayenda. Mufunika onse awiri. Mucheze ndi abambo angapo a mtundu womwewo, komanso azimayi Achishona a dera lomwelo, chifukwa popanda kufananiza simungadziwe ngati vuto likuchokera ku ukazi, ku mtundu, ku umphawi kapena pamene zakumanirana.

Cholakwa chachiwiri chinali chilankhulo. Ndinkafunsa mu Chishona poti ndi chimene tonse timayankhula mu kombi. Patapita masiku ndinapita kwa agogo ena ku Epworth, nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi miyala ija, anali akusankha nyemba pa lichero. Mu Chishona ankangoti zvakanaka mwanangu, zvakanaka. Nditawaona mphini pamasaya ndinangoti agogo, kodi kumudzi nkuti? Anaika lichero pansi nkundiyang'ana, akuti iwe ndiwe mwana wa yani? Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Analowa m'nyumba nkutulutsa chitini cha mabisiketi chakale, mkati muli khadi la ku pulazi la amuna awo, makhadi a sikelo a zidzukulu atatu, ndi kalata ya ubatizo yodyeka ndi njenjete m'mbali. Dzina lawo linalembedwa mosiyana pa mapepala atatu, pena ndi L pena ndi R, pena dzina la bambo awo pena la amuna awo. Ndi chimene ankabwezedwera ku ofesi ina zaka zonsezi, ndipo mwana wawo wamkazi ndi zidzukulu onse anatsala opanda pepala chifukwa cha chilembo chimodzi. Mchimwene wawo anatenga chitupa kalekale chifukwa bwana wa ku fakitale anamulembera kalata. Iwo ntchito yawo inali yosankha fodya nyengo ndi nyengo, ndipo m'buku la pulazi analembedwa ngati mkazi wa uje basi.

Achinyamata ambiri Chichewa amangomva osayankha, nde musawakakamize, asiyeni asakanize mmene amayankhulira. Ndipo ena safuna kudziwika kuti ndi a ku Malawi, anasintha ndi dzina lomwe. Chimenecho nachonso ndi data, musachiwongole.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani nkhani osati ma label

Musamufunse munthu kuti kodi mumasalidwa ngati mkazi kapena ngati mlendo. Funso limenelo ndi la khoti lija la 1976, mukumuuza kuti asankhe chimodzi. Funsani kuti tandiuzeni za tsiku lomaliza limene munapita kukayesa, munadzuka nthawi yanji, ana munasiyira ndani, munakwera chani, inali ndalama zingati, amene munamupeza anati chani, inu munayankha chani, kenako munapita kuti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwini wake akuuzani yekha pamene panapweteka. Inu muzingolemba njira yonse ngati mapu, poyambira pakhomo pake mpaka pamene anabwerera, ndipo pa sitepe iliyonse muike chimene chinamuimitsa.

Dziyang'aneninso nokha. Ine ndine wa konkuno, Chichewa ndimayankhula, koma ndinafika ndi laptop ndi nsapato zoyera, chitupa ndili nacho. Agogo aja anandiyesa wa bungwe logawa chakudya. Nenani poyera kuti simukulemba maina a thandizo ndipo simungawatengere chitupa. Ya kombi ndi ka sugar kapena sopo apatseni ndithu, mwawadyera tsiku, koma muwauze kuti alandira ngakhale atakana kuyankha.

Chachisanu ndi chiwiri, manambala

Kwa inu a ma tebulo. ZIMSTAT, ofesi ya boma ya ziwerengero, ili ndi census ya 2022, pali ma survey a m'makomo a MICS ya 2019 ndi ma ZDHS, ndipo data yake mutha kupempha. MICS 2019 inapeza kuti mwa azimayi a zaka 20 mpaka 24, pafupifupi mmodzi mwa atatu anakwatiwa asanakwane zaka 18, chonsecho Constitutional Court inaletsa zimenezi mu 2016 pa mlandu wa Mudzuru ndi Tsopodzi. Nambala imeneyo payokha sikuuzani kuti ndi atsikana ati. Iduleni: kumudzi ndi m'tauni, kenako chuma cha pakhomo mkati mwa kumudzi, kenako chipembedzo kapena sukulu mkati mwa osaukawo. Kuika tebulo la amuna ndi akazi apa, la olemera ndi osauka apo, sikuti mwachita intersectionality ayi, ziyenera kulowana mu tebulo limodzi. Amene mumapanga regression ikani interaction, osangoti ma variable ali mndandanda.

Chenjezo ndi loti mukadula kwambiri mutsala ndi anthu 6 m'kabokosi, ndipo peresenti ya anthu 6 ndi bodza lovala tayi. Lembani kuti ndi angati, ngati achepa nenani kuti achepa. Komanso ma survey akuluakuluwa sanapangidwe poganizira ife, mudzapeza kuti funso limene mukulifuna, loti agogo ako anachokera kuti, mulibemo. Kusowako kulembeni mu ripoti ngati chimodzi mwa zimene mwapeza, nkhani za anthu zija ndi zimene zidzatseke dzenjelo.

Chachisanu ndi chitatu, atetezeni

Apa intersectionality imaluma mwini wake. Mukalemba kuti mayi wamasiye wa zaka za m'ma 60, Mchewa, wosaona diso limodzi, wogulitsa makala ku Hopley, mwachotsa dzina koma dera lonse lamudziwa. Sinthani zimene sizikukhudza mfundo yanu. Ma recording asakhale mu foni imene ana amaseweretsa, musatumizirane pa gulupu ya WhatsApp, pali Cyber and Data Protection Act ya 2021 komanso pali nzeru wamba. Mapepala a mu chitini chija ndinangowaona, sindinawajambule. Ndipo muyende ndi manambala a Musasa, bungwe lothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi ZWLA, bungwe la maloya achikazi, chifukwa mukafunsa za chitupa nkhani ya kumenyedwa imatulukira yokha, mwamuna wina amabisa mapepala a mkazi ndi ana dala kuti asachoke.

Kenako kulemba zoti boma kapena bungwe lichite

Chiganizo choti boma liganizire azimayi ovutika musachilembe, aliyense amagwedeza mutu nkupita ku lunch. Tengani ndondomeko imene ilipo, muiyese ndi munthu wanu. Pulojekiti ya ngongole za azimayi imafuna chitupa ndi akaunti kapena EcoCash, layini ya foni nayo imafuna chitupa, nde agogo aja ndi mwana wawo atsala, kapena ndalama zilowa mu foni ya mkamwini. Pulojekiti yolembetsa anthu opanda mapepala ikabwera masiku a ntchito okhaokha, wantchito ya m'nyumba watsala. Thandizo lodzera kwa sabhuku, wa m'komboni ya pulazi alibe sabhuku. Pa chilichonse lembani mzere umene ukutsekereza, ndani angausinthe, ndipo ausinthe kuti uziti chani: alole kalata ya ubatizo kapena khadi la sikelo ngati umboni, abwere Loweruka ndi Lamlungu, pakhale womasulira Chichewa ndi wa chinenero cha manja, kusiyana kwa chilembo chimodzi kukonzedwe pomwepo ndi affidavit.

Tsamba limodzi kapena awiri, osapitirira. Mutha kupititsa ku Zimbabwe Gender Commission, ku Human Rights Commission, kapena ku komiti ya Parliament. Gawo 149 limapereka ufulu wopereka petition ku Parliament, koma taonani mmene linalembedwera, ndi la nzika ndi okhala kuno mwachilolezo chokhazikika, nde amene nkhani yake ndi yosowa mapepala afunika wina womuimira pa khomo limenelonso.

Musanapereke kulikonse bwererani kwa anthu aja mukawawerengere mu chilankhulo chawo. Ine nditabwerera ku Epworth ndinawawerengera agogo aja ndime yawo, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti walemba bwino koma walakwitsa pamodzi, sindinapite ku ofesi katatu ayi, kachitatuko ndinafika pa geti nkubwerera ndekha chifukwa ndinalibe nsapato zoti nkulowa nazo. Ndinakonza pomwepo ndi bolopeni, pepala nditatsamiritsa pa lichero.